Nyumba imene ndinagula pa boma la Dedza

Ndine mlimi wa kachewere wa ku Bembeke, ndipo ndikufuna kuchitira umboni zimene Mulungu anandichitira. Ndalama za kachewere wa zaka zambiri ndinazisunga kuti ndigule nyumba pa boma la Dedza, ana azipita kusukulu pafupi. Anandigulitsa ndi mnyamata amene bambo ake, eni nyumbayo, anali atamwalira. Tinalemberana papepala la m'kope, mboni zinasaina, ndinapereka theka la mtengo.

Ndili mkati mopaka laimu, kunatulukira mayi wamasiye, mkazi wa malemu aja, ndi ana ake aakazi kuchokera ku Mayani. "Pepani mayi, nyumbayi wakugulitsani ndani? Ife sitikudziwapo kanthu." Miyendo inazizira. Mnyamatayo ndalama anali atadya kale, foni osayankha. Usiku ndinkangotembenuka pamphasa, kupemphera mawu osatuluka.

Mkulu wa mpingo wathu ndiye anandilozera ku Legal Aid Bureau. Kumeneko anandifotokozera kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limapatsa gawo mkazi wa malemu ndi ana onse, aakazi ndi aamuna omwe. Mwana mmodzi sangagulitse nyumba payekha. Pamafunika kalata ya khoti yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu. Mnyamatayo analibe. Komabe kapepala kanga sikanapite pachabe, chifukwa pangano logulitsana malo limayenera kulembedwa, ndipo ndi komweko kamene kanatsimikizira kuti ndalama zinaperekedwadi.

Mayi aja sindidzawaiwala. Akanatha kundipirikitsa, koma anati, "Nanunso ndinu mayi wa ana, tikambirane." Malume a anawo anamupeza mnyamatayo, banja linakhala pansi, ndipo linagwirizana kuti theka limene anadya lichotsedwe pa gawo lake. Mayiwo atatenga kalata ya khoti ija, loya analemba pangano latsopano: nambala ya puloti, mtengo wonse, zotsala, tsiku lopereka makiyi, aliyense n'kusaina. Tinapitanso ku Unduna wa za Malo ku Lilongwe kukaona ngati lizi ya nyumbayo inalidi m'dzina la malemu, n'kupempha chilolezo choisinthira m'dzina langa. Zinatenga nthawi, kachewere wina anawolera m'munda ine ndili m'maulendo, koma zotsalazo ndinalipira kudzera kubanki, risiti ili m'manja.

Lero ana anga akugona m'nyumbamo, ndipo ulemerero upite kwa Mulungu. Abale anga, ngati wokugulitsani nyumba akuti ndi ya bambo ake omwalira, muuzeni akuonetseni kalata ya khoti ndi mayi ake musanatulutse ndalama.