Mankhwala a chibayo choopsa ku Joni ndi kwa Chigaru

Chibayo ndi matenda a m'mapapo, ndipo bakiteriya amene amachiyambitsa kawirikawiri ndi pneumococcus. Mwana wa miyezi iwiri koma wosakwana chaka akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi, kapena wa chaka mpaka zaka zisanu akamapuma ka 40, ndiye kuti chibayo chamugwira. Chimatchedwa choopsa mwanayo akamakanika kuyamwa, kukomoka kapena kulefukiratu.

Malangizo a WHO a 2014 amati chibayo cha ana chopanda zizindikiro zoopsazi chichizidwe ndi amoxicillin wakumwa. Choopsa chimafuna jakisoni wa ampicillin kapena benzylpenicillin, pamodzi ndi gentamicin, kwa masiku osachepera asanu. Ceftriaxone amabwera pambuyo, enawa akalephera.

Ku South Africa wamkulu wogonekedwa ndi chibayo choopsa amapatsidwa ceftriaxone pamodzi ndi azithromycin, amene amapha tizilombo tina tosamva penicillin. Pachipatala ngati Chris Hani Baragwanath ku Soweto wodwala amajambulidwa chifuwa, magazi amapita ku labu, makhololo amayezedwa ndi GeneXpert, poti chifuwa chachikulu chimadzibisa ngati chibayo. Mankhwala otere sagulitsidwa ku famase popanda chikalata cha dokotala.

Kwa Chigaru, m'boma la Blantyre, mankhwala ake ndi omwewa. Chosiyana kwambiri ndi mtunda. Boma la Blantyre lilibe chipatala chakechake cha pa boma, choncho wodwala akafika pachipatala cha Lirangwe kapena cha Chileka atabanika amabayidwa jakisoni woyamba n'kutumizidwa kuchipatala chachikulu cha Gulupu, ena amathamangira ku Mlambe ku Lunzu. Mayi wanyamula mwana pakabaza usiku, nthiti zikulowa mkati, milomo yada: apa jakisoni yekha sakwanira, pamafunika mpweya wa okosijeni. Makina a Pumani othandiza makanda kupuma, amene anayesedwa ku Gulupu konko mothandizana ndi Rice University, anapangidwira vuto lomweli.

Amalawi ena, a ku Joni ndi a kumudzi omwe, amakhulupirira kuti ceftriaxone ndiye wamphamvu kuposa onse. Si zoona. Pa pneumococcus wa m'mapapo, penicillin wobayidwa mulingo wokwanira amagwirabe ntchito bwino. Ceftriaxone amakondedwa chifukwa amabayidwa kamodzi patsiku, pomwe benzylpenicillin amafuna kanayi, ntchito yolemera kwa namwino mmodzi wosamala wodi yodzaza. Koma kugwiritsa ntchito ceftriaxone mowirikiza kwabweretsa mavuto. Kafukufuku wa Malawi-Liverpool-Wellcome ku Gulupu anapeza kuti pofika 2016, pafupifupi 90 pa 100 ya mabakiteriya a Klebsiella opezeka m'magazi a odwala anali atasiya kumva mankhwala a gulu la ceftriaxone. Olowa m'malo mwake, monga meropenem, ndi okwera mtengo ndipo ku Malawi sapezeka wamba.

Pa katemera mayiko awiriwa sasiyana kwenikweni: South Africa inayamba wa pneumococcus mu 2009, Malawi mu Novembala 2011.

Chodetsa nkhawa n'chizolowezi cha makapisozi. Mwana akatsokomola, munthu amagula amoxicillin kapena Bactrim awiri atatu pa okala, ndipo abale a ku Joni nawo amatumiza otsala m'katundu wa pabasi. Mankhwala otere amachedwetsa ulendo wa kuchipatala, komanso amalimbitsa tizilombo. Wofuna kuthandiza wodwala kumudzi atumize ndalama ya thiransipoti, osati mapiritsi.