PA NJINGA M'CHIGWA CHA SHIRE: MLENDO NDI MAME

Ife a m'mbali mwa nyanja timawadziwa alendo aja opalasa njinga okhaokha. Timawaona pa msewu wa ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, njinga italemedwa ndi zikwama kutsogolo ndi kumbuyo, nkhope itapserera ndi dzuwa. Ana athu amawathamangira kukapempha ndalama, ndipo ife akuluakulu timangopukusa mitu kuti kodi munthu wotha kulipira ndege avutikiranji chotere. Koma ndi angati mwa ife amene anaimitsapo mmodzi wa iwo ndi kumpatsa madzi akumwa?

Kuyenda wekha m'dziko la eni si chinthu cha lero ayi. M'chaka cha 1325 Ibn Battuta ananyamuka kwawo ku Tangier ali yekha, ali ndi zaka 21, kupita ku Hajj, ndipo mu 1331 anafika ku Kilwa, mzinda umene makolo athu a Chiyao anadzachita nawo malonda pambuyo pake. Mu 1992 mayi wa ku Ireland, Dervla Murphy, ali ndi zaka 60, anapalasa njinga yekha kuchokera ku Kenya mpaka ku Zimbabwe kudzera m'dziko lathu lino. Mu 2010 abale athu awiri a ku Cape Town, Nathim Cairncross ndi Imtiyaz Haron, anatha miyezi yambiri pa njinga kulinga ku Makka. Onsewa anadalira anthu amene sankawadziwa n'komwe.

Kuti timve zimene wapaulendo wotere amamva, sitinafunike pasipoti. Tinangosankha chigwa cha mtsinje wa Shire, maboma a Chikwawa ndi Nsanje, kumene Msilamu wa kunyanja amasanduka mlendo m'dziko lake lomwe. Tinali awiri, pajatu kuyenda awiri si mantha, ndipo tinanyamuka ku Blantyre m'mwezi wa October titangoswali Fajr.

Mzinda wa Blantyre uli pa mtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene chigwacho chili pa mamita pafupifupi 100 kapena kucheperapo. Msewu wa M1 umatsika phirilo mokhotakhota ngati njoka, ndipo wopalasa amene mabuleki ake ndi otha ayenera kutsika ndi kuyenda pansi. Tikutsetsereka choncho tinkakumana ndi amuna akukankha njinga zosenza matumba a makala kukwera nazo ku Blantyre, thukuta lili kamukamu. Pofika pa Thabwa, m'munsi mwa phiri, mphepo yozizira ija inali itatha, mpweya ukuwomba ngati wochokera m'ng'anjo ya njerwa.

Patsogolo pang'ono tinawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu. Apa tinaima kanthawi, chifukwa madzi amenewa ndi omwe aja amatuluka m'nyanja yathu pa Mangochi, nadutsa Malombe ndi Liwonde. Madzi amene timachitira udhu kwathu ndi amene amathirira minda ya anthu a kuno. Koma m'bale wathu, usayese kutsikira pagombe kukachita udhu monga umachitira kunyanja, pakuti kuno ng'ona ndi mvuu ndi zambiri zedi.

Pa Dyeratu msewu umagawikana. Wina umalowa ku boma la Chikwawa ndi kupitirira ku nkhalango ya Majete ndi ku mathithi a Kapichira, amene anatsekereza sitima ya David Livingstone mu 1859. Ena mwa Amakololo amene anabwera ndi iyeyo sanabwerere kwawo. Anakhazikika pakati pa Amang'anja, ndipo maina a mafumu monga Kasisi, Katunga ndi Maseya akuchokera kwa iwo. Chigwachi chinazolowera kulandira alendo kuyambira kalekale.

Ife tinalunjika kumwera. Msewu wa kuno ndi wa see, wopanda zitunda, ndipo n'chifukwa chake njinga ndiyo miyendo ya anthu a m'chigwa. Imanyamula mbuzi, mitolo ya thonje, zigubu za madzi, mayi wodwala wopita ku chipatala. Pafupifupi pa malo a malonda alionse pali mnyamata pansi pa mtengo ali ndi pampu, womata machubu ndi kuwongola masipoko. Pa Nchalo minda ya nzimbe imafika mpaka kumene maso alekezera. Mindayi inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960, ndipo kampani ya Illovo inaitenga mu 1997. Poti ntchito ya nzimbe inasonkhanitsa anthu a m'maboma osiyanasiyana, apa tinamvako Salaam ndi Chiyao pang'ono, mitima n'kukhala pansi. Tikupitirira Nchalo, mizikiti inayamba kutalikirana, ndipo pa malo owotcha kanyenya tinkayamba tafunsa amene wazinga mbuziyo. Pamene yankho silinamveke bwino tinkagula nthochi ndi mtedza.

Dzuwa la kuno m'miyezi ya October ndi November limapitirira madigiri 40. Wopalasa wanzeru amayamba m'bandakucha, napuma pansi pa mlambe masana onse, nadzapitiriza dzuwa litapendeka. Apa ndi pamene tinaona kufewa kwa chipembedzo chathu. Wapaulendo waloledwa kufupikitsa swala za maraka anayi kukhala awiri, ndiponso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, Maghrib ndi Isha. Mashehe athu amaphunzitsa kuti chilolezochi chimayamba ulendo ukakwana makilomita pafupifupi 80, ndipo kuchokera ku Blantyre kukafika ku Nsanje ndi makilomita pafupifupi 180. Madzi akasowa, dothi loyera lilipo la tayammum.

Tisanafike pa Ngabu madzi athu anatha. Tinapatukira pa mjigo wina m'mudzi, koma titalawa madziwo tinapeza kuti ndi amchere, monga ilili mijigo yambiri ya m'chigwachi. Mayi wina wachikulire amene ankachapa pomwepo anatiyang'ana nati: "Abambo, amenewo simungathe kumwa inu alendo. Tiyeni kunyumba mukamwe a mumtsuko." Madziwo anali atawatunga yekha kutali m'mawa. Amuna awo ataona tikufunafuna poswalira anatiyalira mphasa pamthunzi, nauza ana kuti asachite phokoso. Kenaka panabwera nsima ya mapira ndi nsomba zouma. Banjali silinali la Chisilamu, ndipo silinatifunse kuti ndife a mtundu wanji kapena tiwapatsa chiyani. Pamene tinatulutsa ndalama, bamboyo anakana nati: "Madzi sagulitsa, achimwene. Mawa ndine amene ndidzakhale pa msewu." Tinathokoza ndi mawu a Chisena amene tinali titangowaphunzira kumene, akuti takhuta.

Kuchokera pa Ngabu kulinga ku Bangula, chakum'mawa kuli dambo lalikulu la Elephant Marsh, lodzaza ndi mabango, mbalame ndi mabwato a asodzi. M'zaka za njala anthu amazula nyika m'madzi amenewa kuti adye, ng'ona zili pomwepo. Pafupi ndi Bangula madzi osefukira anadula njanji ya ku Chiromo mu 1997. Kumwera kwake ndi boma la Nsanje, limene m'nthawi ya atsamunda linkatchedwa Port Herald, ndipo msewu umathera pa Marka, m'malire ndi Mozambique. Chakuno ndi kumene kuli malo otsikitsitsa m'dziko lonse la Malawi, mamita 37 okha.

Anthu amenewa si olemera ayi. Madzi osefukira anawakokolera nyumba ndi ziweto mu January 2015, ndiponso pa namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Komabe ndi omwewa amene, pa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992, analandira othawa kwawo ambirimbiri, kufikira kuti m'boma la Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Malo monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu akukumbukiridwa chifukwa cha misasa ya anthu amenewo. Munthu amene anagonapo pa sukulu madzi atamulanda nyumba amadziwa tanthauzo la chikho cha madzi kwa wodutsa.

Tsono abale ndi alongo, ngati ife amene tinali awiri, olankhula Chichewa, m'dziko lathu lomwe, tinafika posowa pogwira, nanga bwanji munthu amene ali yekhayekha, wosadziwa chinenero, kwawo kuli kutsidya kwa nyanja zamchere? Qur'an, mu Surah At-Tawbah, yaika wapaulendo m'gulu la anthu a mitundu 8 oyenera kulandira Zakaat, ngakhale kwawo atakhala wolemera. Mtumiki Muhammad (s.a.w.) anaphunzitsa kuti kulemekeza mlendo ndi chizindikiro cha chikhulupiriro, ndi kuti kuchereza mlendo ndi masiku atatu. Ndipo sadaka ya madzi, mthunzi ndi kulozera njira ilibe malire a mtundu kapena chipembedzo.

Mizikiti yathu yambiri ili m'mbali mwenimweni mwa msewu. Sichingatilemere kuika mtsuko wa madzi aukhondo pakhonde, kapena kulola wapaulendo wodzisunga kumanga katenti kake pabwalo usiku umodzi, mfumu ya m'mudzi itadziwitsidwa. Makolo ndi aphunzitsi a m'madrasa, tiyeni tiphunzitse ana athu kupereka moni m'malo motambasula dzanja. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akadutsa lero sitidzamuonanso, ndipo zimene adzanene kwawo za Asilamu a ku Malawi ndi zimene anaona pakhomo pathu. Allah atipatse mitima yochereza, ndipo awafikitse bwino onse amene ali pa msewu. Ameen.