Kwa Nabanda, za maloto oopsa

Ntchisi,
Lachiwiri madzulo.

Nabanda mwana wanga,

Za ndalama, za anyamata ndi za kutchalitchi azakhali ako anakuuza kale Loweruka, ndipo anakuuza bwino. Ine ndatsala ndi nkhani imene sindikanaiyamba pagulu paja, nkhani ya tulo tako. Chiyambire ubwana wako umalota zoopsa kuposa abale ako onse, koma kuno ukafuula usiku pamakhala wokugwedeza paphewa n'kukuuza kuti uli kwanu. Ku Poly ukagona ndi atsikana osakudziwa, ndipo aliyense akakupatsa tanthauzo lake. Wina akati kumudzi kwanu sanakondwe kuti wasankhidwa, wina akafuna kukuperekeza kwa mneneri. Ndikufuna ukafike kumeneko uli nazo kale m'mutu zimene ine ndinaphunzira pa unamwino, pochezera ndi odwala m'mawodi.

Tulo tili ndi magawo. Mu 1953, pa yunivesite ya Chicago, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman anaona kuti munthu wogona imamufikira nthawi imene maso ake amathamangathamanga kunsi kwa zikope, ndipo akamudzutsa pamenepo ankanena kuti amalota. Madokotala amalitcha gawo limeneli REM. Limabwera pafupifupi mphindi 90 zilizonse, lalifupi munthu akangogona kumene, lalitali kukamayandikira kucha. Pa nthawiyo mbali ya ubongo yosunga mantha imakhala ili pantchito, pamene mbali yoweruza kuti ichi n'chotheka, ichi n'chosatheka, imakhala itafooka. N'chifukwa chake kutuloko fisi akhoza kulankhula ndi mawu a aphunzitsi ako iwe osadabwa. N'chifukwa chakenso maloto oopsa amakonda nthawi ya tambala woyamba, ija anthu amati afiti akuchokera kumanda. Nthawiyo anthu anaidziwa molondola. Pa chifukwa chake ndi pamene ine ndimasiyana nawo.

Chija chimakuopsa kwambiri, chodzuka koma osatha kusuntha ngakhale chala, mawu osatuluka, pachifuwa polemera, pakhomo pakuoneka chimunthu chakuda, chimachokera m'gawo lomweli. Munthu akamalota, ubongo umamanga ziwalo zake monga timamangirira mbuzi pachingwe nthawi ya dzinja kuti isalowe m'munda. Popanda chingwecho, wolota akuthawa akanadzuka n'kukadziwombetsa kukhoma. Nthawi zina maganizo amadzuka chingwe chisanamasulidwe, ndiye maso akuona chipinda chenicheni pamene maloto sanathe. Zimatha zokha, kawirikawiri mphindi ziwiri zisanakwane, ndipo mpweya sutha ngakhale umamva ngati ukutsamwa. Zimakonda wogona chagada ndi wosagona mokwanira. Zikakugwira usalimbane nazo. Puma pang'onopang'ono, yesa kugwedeza chala chakuphazi, ndipo uzolowere kugona cham'mbali. Mnzako wogona naye chipinda umuuziretu kuti akamva ukubuula angokugwira dzanja.

Tsono ukadzidzimuka thukuta lili kamukamu, funso loyamba likhale la thupi. Gwira pamphumi. Malungo amabweretsa maloto osokonekera ndi kubwebweta, ndipo ndaona ana ambiri akuloza kudenga kuti kuli njoka, makolo n'kuyamba kunong'onezana za kwa sing'anga, chonsecho mwanayo akufunika kuyezedwa magazi ndi kumwa LA. Thupi likatentha pita ukayezetse tsiku lomwelo. Neti ndakuikira pansi pa zovala m'chikwama, ukaipachike usiku woyamba.

Mankhwala enanso amachita zomwezo. Ma ARV amene anthu ambiri ankamwa m'zaka zapitazi anali ndi efavirenz, ndipo m'masabata oyambirira ankabweretsa chizungulire ndi maloto owala ngati kanema, ena oopsa ndithu, makamaka munthu akamwa atadya zamafuta. Ndinalandirapo amayi amene anasiya kumwa poganiza kuti akutambidwa, chikhalirecho akanapirira pang'ono zikanatha. Kuyambira 2019 anthu ambiri anawasinthira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo madandaulo aja anachepa. Ndikukuuza izi kuti mnzako akadzakuululira zotere udzamutumize kwa amene anam'patsa mankhwalawo, asangosiya yekha.

Za mowa ndinena mwachidule. Umagonetsa msanga koma umapondereza gawo lolota lija, ndiye ukamatha m'magazi chakum'mawa malotowo amabwera mwamphamvu kudzalipiritsa ngongole yawo. Amene anazolowera kachasu akasiya mwadzidzidzi amaona zoopsa usiku, ena ngakhale masana, ndipo ameneyo ndi wofunika kuchipatala. Kusagona nakonso kumasiya ngongole yomweyo. Ndikudziwa zimene mumachita mayeso akayandikira, kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira n'kuchezera ndi mabuku mpaka kucha. Tsiku limene udzagone bwino pambuyo pake ndi limene malotowo adzakupeze. Munthu wa msinkhu wako amafunika maola 7 mpaka 9, ndipo zimene wawerenga zimakhazikika m'mutu uli m'tulo, ndiye kuchezerako phindu lake n'lochepa kuposa mmene mumaganizira. Foni nayonso izizima nthawi yake, makamaka timavidiyo ta ngozi timene anthu amatumizirana pa WhatsApp opanda chisoni.

Koma gwero lalikulu ndi mtima. Chimene wakana kuchiganizira masana chimakudikira usiku, ndipo chimabwera chitavala zovala za kwanu. Mwana wa kuno ku Ntchisi kapena ku Dowa amalota akuthamangitsidwa ndi chilombo cha gule kapena atasochera m'nkhalango ya paphiri. Wa m'tauni amalota akuba a zikwanje. Iwe posachedwapa uyamba kulota uli m'chipinda cha mayeso cholembera chikukana kulemba, kapena dzina lako likusowa pa mndandanda wa olipira fizi. Miyezi yoyamba malotowo akhoza kuchuluka, pakuti bedi ndi lachilendo, phokoso ndi lachilendo, ndipo wasiya anthu ako. Zimenezi zisakudabwitse. Ukalota agogo ako aakazi, usathamangire kunena kuti akwiya. Akuluakulu amati omwalira amalankhula kutulo, ndipo ine pa zimenezo sindikangana nawo, koma ndikudziwanso kuti amene anakulera kumsana sangachoke m'mutu mwako chaka chimodzi chokha. Udzandiimbire, tidzakambirane.

Pali maloto ena osiyana ndi onsewa, obwereza chinthu chimene chinachitikadi, usiku ndi usiku, osasintha. Ukukumbukira pa Dzaleka, tinkapita kukagula zitenje pa msika wa Lachiwiri. Malo amenewo anali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu, ndipo mu 1994 anasanduka msasa wa anthu othawa kwawo. Lero pali anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Ena mwa iwo anaona abale awo akuphedwa, ndipo nkhondo imene anaisiya kutali imawapezabe kutulo patapita zaka zambiri. Amaopa kugona, amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka. Ku Blantyre ukakumana ndi zofanana nazo. Phiri la Soche uziliona tsiku lililonse, ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala ya phirilo n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. M'kalasi mwako mukhoza kukhala mtsikana amene mvula ikangoyamba kugunda pamalata tulo timamuthawa. Atsikana ogwiriridwa ndi anthu opulumuka pa ngozi za pamsewu zimawachitikiranso. Munthu wotere usamuuze kuti angoiwala, usamusekenso. Ubongo wake ukubwerera pamalopo chifukwa manthawo sanapeze potulukira, ndipo matendawa ali ndi thandizo.

Unandifunsa tsiku lina chifukwa chake iwe, osati mlongo wako amene amagona tulo tofa nato ngakhale kunja kukugunda ziphaliwali. Mbali ina ndi chibadwa. Ku Finland anafufuza mapasa ambirimbiri n'kupeza kuti kulota zoopsa kumayendako m'magazi, ndipo malume ako anali chimodzimodzi ali mnyamata. Akazi amadandaula za malotowa kuposa amuna. Ndiponso anthu a mtima wofewa, amene chinthu chaching'ono chimawalowa msanga, amalota kwambiri. Iwe unkalira nkhuku ikamaphedwa. Mtima womwewo ndi umene umakuchititsa kuzindikira mnzako akakhumudwa asananene, ndiye sindikuona chochotsa mwa iwe.

Tsopano ndimve bwino apa, pakuti ndi pamene pagona kalatayi. Maloto asadzakutchulitse dzina la munthu. Ukalota ukudya nyama, kapena ukaona nkhope ya gogo wina wa m'mudzi muno ikukuthamangitsa, anzako akuuza kuti wam'gwira mfiti. Ubongo umakonda kutola nkhope zimene ukuzidziwa. Koma mawu akatuluka pakamwa sathera pomwepo. Mu January 2016 ku Neno, anthu okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Nkhani zotere zimayamba ndi kunong'ona, ndipo amene amathera pansi pa miyala nthawi zambiri ndi nkhalamba yosauka, yopanda woiyankhulira. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Kupemphera pemphera, ine ndimapemphera usiku uliwonse ndipo mtima umakhala pansi. Koma amene akufuna ndalama kuti akuululire wokulodza, ndalama ya ndiwo ija usam'patse. Sanakufunse ngati wadya, ngati wagona, ngati thupi latentha, ndiye dzina la mdani wako walidziwa bwanji?

Loto limodzi likamabwerabwera, pali njira imene madokotala a maganizo amaphunzitsa, ndipo siifuna ndalama. Masana, dzuwa lili phwee, lemba lotolo m'kope. Kenaka ulisinthe mmene ukufunira. Ngati umathamangitsidwa mpaka kuphompho, lemba kuti pamenepo pali mlatho ndipo kutsidya kukudikira munthu wako. Tsiku lililonse khala pansi mphindi 10 kapena 20, tseka maso, uliyendetse m'maganizo loto latsopanolo. Zikumveka ngati masewera a ana, koma anaziyesa pa anthu amene anakumana ndi zoopsa zenizeni ndipo ambiri malotowo anachepa m'masabata ochepa. Usiku ukadzuka, yatsa nyali, imwa madzi, tchula mokweza kumene uli, ndipo ugonenso mtima ukatsika.

Kuchipatala upite ngati malotowo akubwera sabata iliyonse mpaka ukuopa bedi, ngati akukulepheretsa kumva m'kalasi, ngati ukumenya kapena kudzivulaza kutulo, kapena ngati abwera pamodzi ndi chisoni chosatha ndi kusafuna chakudya. Maganizo ofuna kudzipha akangokufikira, ngakhale kamodzi, uza munthu tsiku lomwelo ndipo undiimbire, kaya ndi pakati pa usiku. Ku Queens n'kufupi ndi sukulu yako ndipo kuli madokotala a matenda a maganizo. Ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kuli a St John of God. Anthu kuno akamva zimenezi amangoganiza za ku Zomba Mental ndi unyolo, koma ambiri opita kukaonana ndi madokotalawa amapita m'mawa n'kubwerera kwawo masana, monga wodwala mano.

Bambo ako akuti akuperekeza mpaka pa Mponela Lachinayi m'mamawa, kuti upeze basi ya ku Lilongwe dzuwa lisanakwere. Mtedza ndi ufa zili m'thumba labuluu, mbatatesi uwapatseko azakhali ako a ku Chilomoni ukakawaona Lamulungu. Kope lachikuto chofiira ndi la maloto aja, usalembemo masamu. Ukadutsa pa Zalewa utumize uthenga.

Ndine mayi ako,
Naphiri