Khwekhwerere safuna njinga yotalika kuposa mwini wake

Inu amene mumaoda mbatata ya kachewere ku Dedza kukagulitsa kunyanja, kapena mumakwera ndi usipa kuchokera ku Monkey Bay, dzina loti Khwekhwerere si lachilendo. Ndi msewu uja umapatuka pa Masasa, mukachoka pa boma la Dedza kulowera ku Ntcheu mu M1, n'kutsetsereka phiri mokhotakhota mpaka kukagwera pa Golomoti. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 pomwe nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Ndiye kuti pofika pa Golomoti munthu amakhala atatsika mamita pafupifupi 1,000. Umanyamuka utavala juzi, mano akugundana, koma umakafika ukupukuta thukuta.

Masiku ano a geni ambiri atopa n'kudikira minibasi kuti idzaze uku tomato akufewa m'dengu. Akasunga kangachepe, kaya kutapa ku banki m'khonde, akugula njinga yamoto. Nzabwino ndithu. Koma vuto nlakuti opanga njingazi sadayeze miyendo yanu. Ndipo ngati pali msewu umene umaulula msanga kuti njinga ndi mwini wake sakugwirizana msinkhu, ndi womwewu.

Ndidafika pa mphambano ya Masasa m'mawa wina m'mwezi wa June, chifunga chili mbuu, amayi atafunda zitenje ziwiriziwiri. Njinga zinkangofika zitasenza matumba a mbatata, kabichi ndi anyezi. Ine m'malo moyang'ana katundu ndinkayang'ana mapazi. Ataliatali akaima, phazi lonse limatera pansi, kenaka moni n'kumapatsana. Koma aafupi amaima chodadamira, zala za kumapazi zokha zikugunda phula, njinga ikugwedera uku ndi uku ngati mwana wophunzira kuyenda.

Pamalo osalala kudadamirako kumatheka. Tsono taganizani muli pa kona yakuthwa pakati pa phiri, kutsogolo kwanu lole yalephera kukwera, kapena mbuzi zadumphira mumsewu, ndipo mukuyenera kuima pompo. Pa kona msewu umakhala wopendekeka: mbali ina nthaka ili pafupi, mbali inayo ili kutali. Mukatsitsa phazi mbali yakutaliyo limangopalasa mphepo. Njinga yaing'ono yomwe imalemera kupitirira makilogalamu 100 payokha, onjezanipo matumba awiri a makilogalamu 50. Ikangopendama kupyola pena pake palibe chiphona chingaibweze. Mwendo umapsa ndi ekizozi, tomato amasanduka ndiwo za msewu, mpamba wathera pomwepo, koma Loweruka anzanu a ku banki m'khonde akudikira ndalama zawo.

Dzulo lake ndidali nditacheza ndi makaniko wina wachikulire pa Dedza, amene wakhala akukonza njinga za alangizi kuyambira kale. Iye adati ambiri akafika pa shedi yake mawu amakhala amodzi: "Achimwene, tangofewetsani ma shock njingayi itsike." Koma mkuluyu sayambira pamenepo. Amayambira pa chishalo, chifukwa ndi pokhapo pamene mungatsitse munthu popanda kusokoneza kayendedwe ka njinga.

Ntchito yake ndi ya osoka mipando ya sofa. Amasula chikopa cha chishalo, n'kusenga siponji masentimita 2 kapena 3 pamene mumakhalapo, kenaka n'kuchepetsanso m'mbali mwake chakutsogolo, pafupi ndi thanki. Kuchepetsa m'mbaliku ndiye mankhwala enieni. Chishalo chachikulu m'mimba chimatangadzitsa ntchafu, mwendo n'kumatsika chopingasa. Chikaonda, mwendo umatsika molunjika ndipo umapeza nthaka msanga. Koma asasenge mpaka kufika pa pulasitiki, kuopa kuti matako angayambe kulira musadafike n'komwe pa Mganja. China chotsika mtengo ndi nsapato. Jombo ya chidendene chokhuthala imakuwonjezerani sentimita imodzi kapena awiri, pomwe patapata amangokuwonjezerani mabala.

Tidanyamuka pa Masasa dzuwa litayamba kuswa chifunga. Poyamba msewu umadutsa m'minda ndi m'midzi ya pamtunda, munthu n'kumadzifunsa kuti kodi zoopsa amanenazo zili pati. Kenaka dziko limangotseguka kutsogolo kwako. Chigwa chonse chili yalaa pansi, ndipo kukakhala kopanda nkhungu nyanja imaoneka ikunyezimira chapatali. Apa mpamene makona amayamba kubwera motsatizana, ina isadathe inzake yafika. Ndipo apa mpamene ma shock amayamba kuyankha mlandu wawo.

Ma shock ndi timiyendo tiwiri ta masipuling'i tili kumbuyo tija. Ntchito yake si kukusangalatsani ayi, koma kuonetsetsa kuti tayala likugwira msewu nthawi zonse. Munthu akakwera, njinga imayenera kutitimira pang'ono, osati kwambiri. Odziwa za njinga amagwirizana kuti kutitimirako kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse umene tayala lingathe kukwera ndi kutsika. Kwinako kumatsalira mabampu ndi maenje.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Pezani anzanu awiri, tepi ya atelala ndi choko. Imikani njinga pa sitandi yapakati kuti tayala lakumbuyo lilendewere. Lembani kachizindikiro pa kaliyala molunjika pamwamba pa nati yaikulu ya tayalalo, n'kuyeza kuchokera pa natiyo kufika pa chizindikiro. Kenaka tsitsani njinga, mangani katundu amene mumanyamula masiku onse, khalanipo mapazi ali pa zopondera, mnzanu mmodzi atagwira kutsogolo, winayo ayezenso. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kutitimira kwa njinga yanu. Ngati buku la njingayo likuti tayala lakumbuyo limayenda masentimita 9, kusiyanako kukhale pafupifupi masentimita 3.

Pansi pa sipuling'i iliyonse pali kachitsulo kozungulira kokhala ndi timasitepe, kawirikawiri tisanu, kamene amakatembenuza ndi sipanala yangati chikwakwa. Kukweza sitepe sikulimbitsa sipuling'i monga ambiri amaganizira. Kumangonyamula malo amene njinga imakhazikika ikalemedwa. Munthu wamfupi ndi wopepuka thupi, akakhala alibe katundu, ali ndi mwayi: sitepe yapansi imamukwanira ndipo njinga imatsikadi pang'ono. Koma akamanga matumba, akweze masitepe mpaka muyeso uja ubwerere. Ndipo mbali zonse ziwiri zikhale pa sitepe imodzimodzi. Ina ili pa 2 inzake pa 4, njinga imayenda ngati nkhanu.

Amene amasiya pa sitepe yapansi katundu ali phamphu, pofuna kuti mapazi afike, amagula mtendere wa pa siteji ndi ngozi ya pa kona. Bampu iliyonse mumangomva kuti gu! chifukwa sipuling'i yathera. Tayala limakhula madigadi. Kumbuyo kukagwada chonchi kutsogolo kumapepuka, nyali imaunika nthambi za mitengo, ndipo mukakhota njinga imakana, imafuna kupita mbali ya eni ake kumene kukuchokera lole. Pa Khwekhwerere kuphonya kona si nkhani yokagwera m'chimanga. Kunsi kwake ndi phedi.

Chapakati pa phiri pali malo amene aliyense amachepetsa liwiro. Anyamata aluso amayala m'mbali mwa msewu tigalimoto, tinjinga ndi tindege tosema ndi mitengo, mateyala ake ozungulira bwinobwino. Pamenepa mpamene mungakumane ndi alendo odzaona dziko aja amayenda pa zinjinga zikuluzikulu, mabokosi atapachika uku ndi uku, ena akuchokera ku Cape Town kulowera ku Tanzania ndi Kenya. Njinga ngati BMW R 1200 GS kapena Honda Africa Twin chishalo chake chimakhala masentimita 85 mpaka 87 kuchokera pansi, kulemera kwake kupitirira makilogalamu 200 musadamangepo kanthu. Musaganize kuti onse okwera pamenepo ndi ataliatali. Aafupi aliponso, amayi ndi abambo omwe, ndipo vuto lawo ndi lanu lomweli.

Kusiyana kwake ndi thumba basi. Opanga njinga zoterezi amagulitsanso zishalo zofupika ndi ma shock aafupi. Zina zili ndi shock imodzi pakati, yolumikizidwa ndi tizitsulo tiwiri pansi, ndipo kusintha tizitsuloto kumatsitsa kumbuyo. Mu 2021 kampani ya Harley-Davidson idatulutsa njinga yotchedwa Pan America, imene ina mwa mitundu yake imadzitsitsa yokha ikamaima n'kudzikwezanso ikanyamuka. Ife zoterozo n'zongomva. Chathu ndi sipanala ndi nzeru.

Tsono ngati mwasenga chishalo, mwakonza masitepe, koma nthaka ikadali kutali, mpamene mungaganize zogula ma shock aafupiko, mwina ndi masentimita 2. Lamulo lake ndi limodzi, kwa mlendo wa BMW ndi kwa mayi wogulitsa usipa yemwe: mukatsitsa kumbuyo, tsitsaninso kutsogolo mofanana. Makaniko amamasula mabawuti ogwira foloko n'kukwezera mipope yake m'mwamba sentimita imodzi kapena awiri, mbali zonse mofanana, kenaka n'kuonetsetsa kuti pogwira buleki mwamphamvu madigadi sakugunda chitsulo cha pamwamba pake. Mukatsitsa kumbuyo kokha njinga imachita ulesi pokhota. Mukapyoza muyeso kutsogolo, mahandulo amachita phuma ndipo amagwedera. Pa njinga zina zazing'ono foloko idamangidwa mwakuti singakwezeke. Ikakhala yotero, kumbuyoko musakutsitse kwambiri.

Walira mvula walira matope. Njinga ikatsika, mimba yake imayandikira pansi, ndiye mahampu a pa Golomoti ndi miyala ya m'misewu yafumbi muzidutsa mwaulemu. Zopondera zimayamba kukhula phula msanga mukapendama pa kona. Sitandi yam'mbali imasanduka yaitali, njinga n'kumaima chilili, moti kamphepo kapena mwana wotsamira akhoza kuigwetsa. Pitani nayo kwa owotcherera akaidule pang'ono. Tcheni chiyezedwenso munthu atakhalapo, ndipo nyali ailozetsenso mumsewu.

Pali zinthu ziwiri zimene ndidaziona m'njiramo zomwe ndikupemphani musayerekeze. China ndi kuphwetsa matayala kuti njinga itsike. Tayala lopanda mpweya wokwanira limatentha, limapotoka pa kona ndipo chubu chimaphulika. Chinanso ndi kudula sipuling'i ndi sowo. Sipuling'i yodulidwa imauma, sikhalanso bwino pamalo pake, ndipo tsiku lina idzakukanani muli pakati pa phiri.

Komanso tisanamizane, si zonse zimatha ndi sipanala. Aafupi amene akhalitsa pa njinga safuna mapazi onse awiri pansi. Akamaima amasendeza thako kumanzere, phazi lamanzere lonse n'kuponda pansi, lamanja litakanikiza buleki yakumbuyo kuti njinga isabwerere. Phazi limodzi lokhazikika limaposa awiri odadamira. Msewu ukapendekeka, amaponda mbali imene nthaka yakwera. Maso amasankha poima njinga isadaime, kupewa mchenga ndi m'mphepete mwa phula modyeka. Ndipo potsetsereka amakhala mu giya yaing'ono kuti injini izithandiza kugwira. Chizolowezi chozimitsa injini pamtsetse ati kupulumutsa petulo chimasiya ntchito yonse kwa mabuleki, ndipo akatentha amaleka kugwira.

Makona akatha, mpweya umasintha. Juzi uja amayamba kulemera, malambe amayamba kuoneka, ndipo posakhalitsa mwafika pa Golomoti, pamene pamadutsa njanji ya pakati pa Salima ndi Balaka. Pafupi pomwepo pali munda wa magalasi a magetsi a dzuwa, wa mamegawati 20, umene udayamba kugwira ntchito mu 2022. Mukalowera kumpoto mu M5 mukafika ku Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers adaikhazikitsa mu 1902, kenaka Mtakataka ndi Salima. Kum'mwera ndi ku Balaka. Koma a geni ambiri amawoloka n'kutenga M10 wa ku Monkey Bay ndi Mangochi, kumene mbatata ija imasanduka tchipisi, ndalama yake n'kusanduka nsomba.

Pobwerera katundu amakhala wasintha. Usipa wouma ndi wopepuka koma umatenga malo. Mpunga ndi wolemera. Mwina mwakwezanso mlamu wanu. Choncho masitepe aja muwaonenso pa Golomoti musadayambe chitunda, ndi ntchito ya mphindi zisanu. Cholemera chikhale pansi ndiponso pafupi ndi msana wanu, osati cholendewera kumapeto kwa kaliyala, pakuti pokwera phiri kulemera konse kumathamangira kumbuyo ndipo tayala lakutsogolo limafuna kunyamuka.

Kufupika si mlandu, abale anga, ndipo kufunsa si manyazi. Safunsa adadya phula. Tsiku logula njinga musatengeke ndi utoto kapena kulira kwa hutala. Khalanipo kaye, pondani pansi, muipendeketse uku ndi uku. Wogulitsa akakuuzani kuti mudzazolowera, mufunseni ngati adzakhalepo pa kona yachitatu ya Khwekhwerere kudzakuthandizani kutola tomato.