Ndere za m'madamu a ku Banket

Dzuwa la Okutobala likangowala chonchi, madamu a m'mafamu kuno ku Banket amabiriwira ngati msuzi wa chisoso. Ndiye wina amayamba kale kufunsa kopa salfeti, kuti athire ndere zife.

Zimafadi. Koma ndere zikafera pamodzi zimaola, n'kumaliza mpweya m'madzi, m'mawa mwake nsomba zili kuyandama mimba m'mwamba. Kopayo payekha ndi poizoni kwa nsomba ngati wachuluka, ndipo nkhosa sizimupirira. Ndere zina zobiriwira mopita ku buluu zikaphulika zimatulutsa poizoni wake. Mwaiwala zipembere zinayi zija zinafa ku Lake Chivero mu Disembala 2024 zitamwa madzi otere?

Anzathu oweta nsomba za m'nyanja yamchere m'magalasi nawonso amalimbana ndi ndere yotupa timibulu, yotchedwa Valonia. Ena amathira fluconazole, mankhwala a mafangasi a kuchipatala aja, koma chakudya cha ndere chikatsala m'madzi imameranso.

Kwathu kuno chakudyacho ndi feteleza wokokoloka m'minda ya fodya ndi ndowe za ng'ombe zomwera m'damu momwemo. Inu a kufamu, ng'ombe zanu zimamwera pati?