Ndidatsala pang'ono kupha kalulu wosalakwa

Ndimaphunzitsa zaulimi pasukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Dedza. Malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa: mwezi usadafike pakati, m'thumba mwayera kale. N'chifukwa chake chaka chatha ndidagula akalulu atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, kuti ya sopo ndi mchere izichokera kukhola.

Mu May ndidatengera wamkazi mmodzi kukhola la wamwamuna, monga ndimauzira ophunzira anga, poti kalulu wamkazi safuna mlendo m'khola mwake. Bere la kalulu limatenga masiku pafupifupi 31, koma tsikulo sindidalembe paliponse. Ndinkati ndikumbukira. Ntchito ya kusukulu idanditangwanitsa, ndipo bokosi loswera, lomwe limayenera kulowa m'khola pofika tsiku la 28, lidangokhala pakhonde.

M'mawa wina mu June, nthawi imene chisanu cha kuno chimalowa mpaka m'mafupa, mwana wanga wamkazi wa zaka 6 adabwera akuthamanga. "Adadi, kalulu uja waswa, koma ana ake sakugwedezeka!" Ndidapeza tiana 7 tili mbwee pa timitengo toyala pansi m'kholamo, topanda ubweya, tozizira ngati miyala ya mumtsinje. Kamodzi kadali kolumidwa mwendo.

Ndidapsa mtima. Ndidauza mayi a kunyumba kuti kalulu wankhanzayo tidyere nsima madzulo. Kulira kwa mwana ndiko kudaitana gogo wina woyandikana nafe, amene waweta akalulu zaka zambiri ngakhale kusukulu sadapite patali. Adatola tianato n'kutifungatira pachifuwa m'kati mwa chitenje. "Aphunzitsi, musafulumire kukwirira. Kamwana ka kalulu kakazizidwa kamaoneka ngati kafa," adatero. Patapita kanthawi, tiwiri tidayamba kutambasula miyendo.

Kenaka gogoyo adasuzumira m'khola n'kundifunsa: "Nanga madzi ake ali kuti?" Chitini chidali chouma gwa. Adandionetsanso ubweya womwe kaluluyo adazula pachifuwa pake kuti ayalire ana ake, koma posowa bokosi mphepo idaumwaza. Adati kalulu woswa koyamba amasokonekera, ndipo ludzu kapena mantha ndi agalu zimamuchititsa kuluma ana ake. Ndidangoti kukamwa yasa. Wolakwa adali ine, mwini dipuloma.

Tiwiri tija tidatiika m'bokosi ndi udzu wouma komanso ubweya womwe tidatolera. Koma tiana ta kalulu timafunditsana tikakhala tambiri. Kena kadafa usiku wachiwiri, kotsalako patsiku lachinayi. Tonse tidatikwirira kuseri kwa nyumba, pansi pa nthochi. Tikubwerera, mwana adandifunsa: "Adadi, kodi mayi awo akudziwa kuti ana awo afa?" Ndidasowa yankho. Ndalama yomwe ndidataya sidandiwawe kwenikweni. Chidandisowetsa tulo n'choti nyama yomwe ndidaitsekera ndekha m'khola, yosatha kukadzifunira madzi kapena kukumba una monga ikadachitira kutchire, ndidaisiya osaisamala, kenaka n'kufuna kuilanga.

Safunsa adadya phula. Kuyambira pamenepo ndimalemba ndi choko pachitseko cha khola tsiku lomwe wamkazi wakwera. Bokosi limalowa nthawi yake, madzi sasowa, ndipo mbali yolowera mphepo ndimatchinga ndi masaka. M'munsi mwa miyendo ya khola ndimathira phulusa poopa linthumbu. Aakazi awiri aja ndimawakweretsa sabata imodzi, kuti wina akalephera kuyamwitsa, mnzake alere anawo. Ndidaphunziranso kuti kalulu amayamwitsa kamodzi kapena kawiri patsiku, mphindi zochepa chabe, kawirikawiri usiku. Choncho kusamuona m'bokosi sikutanthauza kuti wataya ana. M'mawa ndimangoona timimba: kokhuta kamakhala tiii, kanjala khungu lake limachita makwinya.

Mu September kalulu yemwe uja, amene akadathera mumphika, adaswa tiana 8. Kamodzi, kakang'ono kwambiri, kadafa ngakhale ndidachita zonse zofunika. Ulendo uno sindidadziimbe mlandu, poti oweta amadziwa kuti si kamwana kalikonse kamene kamakula. Totsalato tidatsegula maso patatha masiku pafupifupi 10, ndipo woyamba kuona adali mwana wanga yemwe uja.

Nkhaniyi ndidawafotokozera ophunzira anga osabisa kanthu. Ena adaseka kuti aphunzitsi a zaulimi adaphunzitsidwa ndi gogo, ndipo sindidawatsutse. Inu amene mwayamba kumene kuweta, mukadzapeza tiana tozizira m'khola, yambani mwatifunditsa. Mukatero onani chitini cha madzi ndi tsiku lomwe mudalemba, musadaloze chala make wa anawo.