Tinakwera phiri ndi Oom kukaona minda ya mphesa

Kwathu munthu sakwera phiri popanda chifukwa. Amayi amakwera Ndirande kukatola nkhuni, a mipingo amakwera Bunda kukachezera kupemphera, anyamata amapita kukatchera mbira. Koma bambo wa ndevu zake kumanga nsapato m'mamawa n'kunena kuti akukwera phiri kukangoona basi, anzake amayamba kunong'onezana kuti mwina mutu wayamba kuvuta. Ngakhale pa Zomba paja, malo oonera patali tinawapatsa mayina a alendo: Queen's View, komanso Emperor's View pamene anaima Haile Selassie mu 1965. Zimakhala ngati maso oyang'ana dziko anapatsidwa kwa mafumu akunja okha, ife athu ndi oyang'ana pogwera khasu.

Ine tsopano ndatha zaka zisanu ndi chimodzi ndikugwira ntchito m'minda ya mphesa ku Franschhoek, makilomita pafupifupi 75 kum'mawa kwa Cape Town. Kumudzi amangoti ndili ku Joni, ngakhale Johannesburg ili kutali makilomita oposa 1,000 kuchokera kuno. Ndi chigwa chotsekedwa ndi mapiri mbali zitatu, ndipo minda imakwera m'zitunda mpaka pamene thirakitala singathenso kufika.

Wantchito mpesa amauona pafupi, pamphuno penipeni. Mu Febuluwale timayamba kuthyola kusanache kuti mphesa zikafike kofinyira zisanatenthe, ndipo pofika masana dzuwa limakhala litakulowa m'mafupa. Mu Julaye timadulira nthambi mvula yachisanu ikugwa, zala zitauma pa sizasi. Chimene umaona tsiku lonse ndi tsamba, waya, kireti ndi msana wa mnzako ali kutsogolo. Tsono Loweruka kumabwera alendo, zikwama kumsana, ndodo ziwiriziwiri m'manja ngati odwala nyamakazi, n'kumadutsa m'mphepete mwa minda kulunjika kumtunda. Akafika pachitunda amaima, kutembenuka, n'kungoti kukamwa yasa. Funso linkandivuta linali lakuti: kodi anthuwa akuona chiyani m'munda umene ine ndimaudziwa mzere uliwonse?

Ndinayamba kukwera ndekha Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Kenaka ndinaganiza zotenga mkulu wina wachikaladi amene timagwira naye ntchito, yemwe tonse timangomutchula kuti Oom, ndiye kuti malume m'chinenero cha Afrikaans. Oom anabadwira pafamu pomwepo, bambo awo chimodzimodzi. Phiri akhala akuliona pakhomo chibadwire, koma anali asanapondeko. Ine samanditchula dzina, amangoti Malawi.

"Malawi, kumwambako kuli chiyani chimene kulibe pansi pano?"

"Oom, zoterezi n'zosauzana. Tiyeni mukaone nokha."

Tinapita mu Meyi, masamba a mpesa atayamba kufiira. Mnzathu wina anatikweza pa bakkie mpaka pamwamba pa Franschhoek Pass, msewu wokhotakhota umene asilikali a Britain anamaliza mu 1825 potsata njira ya njovu. Pajatu chigwachi chinkatchedwa Olifantshoek, malo a njovu, asanafike Afalansa othawa mazunzo a chipembedzo aja otchedwa Huguenots mu 1688. Pachipata cha Mont Rochelle tinalipira, Oom akudandaula kuti chibadwire sanamvepo zogula kutopa ndi ndalama.

Phiri la kuno silili ngati Mulanje. Mulibe mitengo yopumirapo. Muli tchire lofika m'chiuno lotchedwa fynbos, la timasamba touma tonunkhira, ndi maluwa a protea akuluakulu ngati mbale, pamene timbalame ta milomo yaitali timatsopapo. Mphepo yochokera kummwera chakum'mawa imaomba ngati mwera wa pa Nkhotakota, moti chipewa ukachigwira mwaulesi wachitaya. Pansi umayenda maso ali tcheru chifukwa mphiri imakonda kuothera dzuwa pakati pa njira ndipo sithawa. Anyani, omwe aja amatibera mphesa nthawi yokolola, anangotiyang'ana ali pamwala ngati eni mudzi.

Titayenda ola limodzi, tikupumira Oom apo ndi apo, tinafika pathanthwe pamene chigwa chonse chimaoneka. Abale, ndisaname, n'pokongola. Minda inayalidwa ngati zitenje zoyanika pamchenga, ina yofiira, ina yachikasu, ina idakali yobiriwira, mizere yake yowongoka ngati ya m'kope la mwana wasukulu. Nyumba zoyera za eni mafamu zinali mbuu pakati pa mitengo, ndipo kutali kunali phiri la Simonsberg. Tikusuntha pang'ono kuyang'ana kuseri tinaona damu la Theewaterskloof, lija linatsala pang'ono kuuma mu 2018 anthu a ku Cape Town akuwerenga madzi ndi ndowa.

Oom anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anatukula chala n'kuyamba kuwerenga chigwacho ngati kalata.

"Uwo ndi Chenin, tinadzala ndi bambo anga ndili mnyamata. Apo panali mapeyala, tinazula. Ukuuona mzere wokhotawo? Ndinaukhotetsa ndine, pansi pake pali mwala umene unakana kuchoka."

Kumeneko ndiye kusiyana kwa maso. Mlendo amaona chithunzi, Oom amaona zaka. Ndipo zaka za minda imeneyi n'zambiri. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa mu 1659, nthawi ya Jan van Riebeeck, ndipo amene anagwetsa tchire ndi kusenza miyala anali akapolo ochokera ku Madagascar, India, Indonesia ndi ku Mozambique, kufupi ndi kwathu komwe. Ukapolo unathetsedwa mu 1834, anthu n'kumasulidwa kwenikweni mu 1838, koma ambiri analibe kolowera, anakhalabe pamafamu omwewo. Kenaka kunali mchitidwe wa dop, wolipira wantchito mbali ina ya malipiro ake ndi vinyo. Oom amakumbukira bambo awo akuima pamzere ndi kachitini kangapo patsiku. Lamulo linaletsa zimenezi mu 1960 koma m'mafamu ena zinapitirira zaka zambiri, ndipo mabala ake akuonekabe m'mabanja. Amene agogo awo anagwira thangata m'minda ya ku Thyolo ndi Mulanje sangadabwe nayo nkhaniyi. Ngakhale posachedwapa, mu 2012, antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns anachita kunyanyala ndi kutseka msewu kuti malipiro a patsiku achoke pa R69, ndipo mu 2013 anafika pa R105.

Atatha kuwerenga minda, Oom anayamba kufunafuna nyumba yawo. Anaisowa. Nyumba za antchito zili kuseri kwa mitengo ya bulugama, moti uli pamwamba sizioneka. Zimene zinkaoneka ndi zinayi za pafamu yoyandikana nafe, zimene kale munkakhala anzawo, koma pano anazipaka laimu n'kuzisandutsa zipinda zogona alendo. Eni ake akale ena ali ku Groendal, ena ku Langrug, m'tizisakasa ta malata tokwera m'phiri mbali ina ya tauni, komwenso kumakhala anzathu ena ochokera kumudzi.

"Ine sangandichotse," anatero Oom, maso ali kumitengo ija. "Koma ndikafa, adzukulu anga?"

Amanena zoona. Lamulo la 1997 limateteza munthu amene wakwanitsa zaka 60 ndipo wakhala pafamu zaka 10, koma akamwalira, a m'banja lake akhoza kupatsidwa miyezi 12 kuti asamuke. Ndinalibe chowayankha. Ndinangotulutsa buledi ndi tiyi wa m'fulasiki, tinadya tili phee, mphepo ikutiomba.

Wina anganene kuti ngati zili choncho ndiye kukongolako n'kwabodza, kuli ngati laimu pakhoma long'aluka. Ine ndikukana. Kukongolako n'koona, ndipo mwini wake weniweni ndi amene anakhotetsa mzere uja. Vuto ndi lakuti anthu awiriwa anagawana chigwa molakwika: mlendo anatenga pamwamba pokha, wantchito anatsala ndi pansi pokha. Mlendo akanatsika n'kuthyola kireti imodzi mu Febuluwale, vinyo akanamumva kukoma kwina. Nayenso wantchito akapanda kukwera amafa akuganiza kuti moyo wake wonse unali kutopa chabe, osadziwa kuti manja ake anapanga chinthu chimene anthu amakwerera ndege kudzachiona. Munthu amene waona ntchito yake yonse pamodzi sayankhulanso chimodzimodzi pamaso pa kapitawo.

Inu amene mukuwerenga muli ku Blantyre kapena ku Limbe, minda ya tiyi ili pafupi nanu, ndipo mumaijambula mukamapita ku Likhubula. Mwa amayi amene amathyola tiyi dengu lili kumsana, ndi angati amene anakwerapo phiri la Mulanje n'kuona minda ija ili pansi pawo? Mwina ndi azakhali anu omwe. Galimoto muli nayo, Lamulungu limodzi silingakusaukitseni.

Potsika Oom mawondo anawavuta, tinafika pamsewu dzuwa litapendeka. Lolemba lake tikuchotsa udzu m'mizere ndinawamva akuuza anyamata awiri m'Chiafrikaans chawo chothamanga, manja akujambula m'malere. Nditayandikira anasiya nkhaniyo n'kundiloza ndi khasu.

"Malawi, mwezi wamawa tipitanso. Nditenga mdzukulu wanga wamkulu uja. Ndikufuna akauone mzere wanga ndidakali moyo."